Pepala Limene Ndinalisita

Senderani kuno amayi anzanga, pamphasa malo akadalipo. Inu muli pakhomo lowani ndithu, mawu anga safika patali masiku ano. Mwakhala mukundifunsa mmodzimmodzi kuti ku Lusaka ndinayenda bwanji, ndipo ndatopa kuyamba nkhani imodzi kakhumi. Lero ndinena kamodzi, mwana wanga Misozi alembe, popeza ine cholembera chinandikana ndili mtsikana. Iwe Misozi, ulembe monga ndikunenera, usandikongoletse.

Zinayamba ndi phuma. Ndikatunga madzi pampopi, ndowa imodzi yokha, ndinkafika pakhomo ndili wefuwefu ngati wothamangitsidwa ndi galu. Tsiku lina ndikugwada m'tchalitchi, mtima unayamba kuphupha ngati nkhuku yomangidwa miyendo. Lolemba ndinapita ku kiliniki. Anandigoneka pabedi, nandimata tinthambo pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo, kenaka makina analavula pepala lalitali lofiirira, lokhala ndi mizere yokwera ndi kutsika ngati mapiri a kwathu ku Katete.

Dokotala wake, wachinyamata ndithu, analiyang'ana nthawi yaitali. "Ambuya," anatero, "makina awa akuganiza kuti chipinda chimodzi cha mtima wanu chakula. Koma awa amangoganiza. Pafunika ena oona mtima weniweniwo, onga aja oonera mwana m'mimba."

Ananena zina zambiri, koma m'khutu mwanga munangotsala mawu akuti chakula. Malemu amuna anga aPhiri, amene anagwira ntchito kunjanji mpaka imvi, nawonso anauzidwa kuti mtima wakula. Miyendo inatupa, nsapato zinakana kulowa, ndipo mvula yotsatira sanaione.

Misozi uyu amakhala ku Lusaka. Atamva pafoni anati ndisadikire mzere wa kuno, wandipezera malo kwa dokotala wa mtima Lachinayi, 2 koloko masana. "Mubwere nalo pepalalo, amama. Musalitaye."

Sindinalitaye. Ndinalimanga pansonga ya chitenje, pamene ndimamanga chilichonse chofunika. Lachiwiri ndikumasula, ndinapeza lakwinyika ngati tsamba la fodya. Tsono ine ndinaleredwa kuti kwa akulu supita ndi chinthu chamakwinya. APhiri ankasita ngakhale kansalu kopukutira thukuta. Magetsi kunalibe, ndiye ndinakoleza nsimbi yamakala, ndinayala pepala lija patebulo, ndinapititsapo nsimbi kamodzi kokha. Nditaitukula, pepala lonse linali bii ngati kunsi kwa mphika. Mapiri aja onse atafafanizika.

Ndinakhala pansi. Ndasita zovala moyo wanga wonse, ndikudziwa kupsa kwa chinthu: chimanunkha, chimabooka. Ili silinanunkhe, silinabooke, linangoda. Ndinati basi, Mwini wake wafafaniza, ine ndiwerengenso chiyani. Sindinauze munthu.

Lachitatu ndinayamba kugawa katundu. Ndaona maliro ambiri muno mu Bwacha, komboni yathu ya mu Kabwe, ndaona abale akulandana mbale mtembo usanazizire, ndipo sindinafune kuti pakhomo panga padzachitike zimenezo. Makina osokera ndinapatsa mpongozi wanga Amake Dalitso. Nkhuku zisanu ndinapatsa akazi a akatekisiti. Onse ndinkawauza kuti m'nyumba mwachepa malo. Mphika wanga waukulu uja, umene mumabwereka pamaliro ndi paukwati, ndinapita nawo kwa Bana Mulenga.

Bana Mulenga nonse mukuwadziwa, ndi awo akhala pakonawo akunamizira kusamva. Koma Misozi alembe, odzawerenga adziwe: iwo ndi Mubemba, ine ndine wa kum'mawa, ndiye ndife a chimbuya. Amandinyoza kuti kwathu timadya mbewa, ndimawanyoza kuti kwawo amadya anyani, mlandu palibe. Pakhala maliro a kwathu, ndi iwo amaphika, kutiseka ndi kutithira ufa kumutu kuti tisalire mopitirira. Pakhala a kwawo, ndife.

"Mphika uwu tengani," ndinatero.

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Mwayamba liti kufa?"

"Ndangokupatsani."

"Zikomo mukwai. Nanga mbaula ija yatsopano? Kumanda simukaotcha mbewa."

"Mbaula ndisiyira anthu, osati odya anyani."

Anausenza mphika uja pamutu nalowa nawo m'nyumba. Potuluka anati, "Ku Lusaka tipita tonse. Munthu wa kum'mawa sangayende yekha m'tauni, angakagwadire chidole cha m'sitolo n'kuchifunsa njira."

Lachinayi tinanyamuka dzuwa likutuluka. M'chikwama ndinaika malaya anga oyera a kutchalitchi, chitenje chake ndi duku lake, zimene ndinafuna adzandiveke. Pepala lakuda lija ndinalibisa pachifuwa. Minibasi ya mu Bwacha inatitula m'tauni, tinayenda pang'onopang'ono mpaka pokwerera mabasi a ku Lusaka, ine ndikuima pakona iliyonse.

Tinasankha basi yooneka yodzaza. Titangokhala, bambo wa pampando wa kutsogolo kwathu anatsika. Atalowa wina ndi thumba la nsomba za kapenta, anatsikanso wina. Ndipamene tinazindikira kuti theka la anthu aja sanali paulendo, anangowakhazika kuti basi ioneke ngati inyamuka tsopano. Dilaiva ankaliza injini, kusuntha pang'ono, kubwereranso. Mtengo nawo unali utakwera, ati mafuta.

"Uyu muchotsereniko," Bana Mulenga anauza kondakitala, akuloza ine. "Apita chabe, sabwerera."

Kondakitala, bambo wa ndevu zaimvi, anandiyang'ana mwachisoni. Ine ndinati, "Musawamvere, ni mbuya wanga." Apo m'pamene anaseka, koma sanachotse kanthu.

Tisananyamuke munalowa mlaliki wa jekete lalikulu. Analalika za Lazaro, kenaka anatsitsa mawu nati, "Muno muli wina amene dzuwa la mawa sadzaliona." Ine maso anagwa pansi. Ndinamva ngati basi yonse yatembenukira kwa ine.

"Abusa," anatero Bana Mulenga, "mwakambirana ndi adilaiva? Ngati pali chimene mudziwa pa basi ino, tiuzeni titsike."

Anthu anaseka, mlaliki anafupikitsa pemphero natsika. Mpando wotsala pafupi nane unatengedwa ndi mayi wachitsikana, dzina lake Natasha, wa mwana kumsana ndi zikwama ziwiri. Sanapemphe n'komwe, anangonditula mwana pamiyendo monga timachitira m'basi, ndipo kamwanako kanatsamiritsa mutu pachifuwa panga, pa pepala penipeni, n'kugona. Tinatuluka mu Kabwe 9 koloko itadutsa.

Msewu uja akuukuza, ndiye pena muli paphula, pena akupatutsirani m'fumbi. Magalimoto aakulu onyamula mkuwa anali atandandalika ngati nyerere, ife pambuyo pawo tikumeza fumbi. Tikatseka mawindo, kutentha ndi fungo la kapenta. Tikatsekula, fumbi. Ine sindinaone minda kapena midzi. Ndinkangomvetsera mtima wanga, ukagunda kawiri msanga ndimati ndi pano, ukadekha ndimati waima.

Titangodutsa Chibombo kunamveka phuu, basi inapendama, amayi ena anaitana Yesu ndi Maria. Dilaiva anaigwira bwino mpaka inaima m'mbali mwa msewu. Tayala la kumbuyo linali litang'ambika. Anatsitsa lapadera, nalo linali lopanda mpweya. Dilaiva ndi kondakitala analozana zala kwa kanthawi, kenaka kondakitala anaimitsa lole, nakwera ndi tayala lija kupita nalo ku Landless Corner. "Mphindi makumi awiri chabe," anatero dilaiva. Aliyense amene anakwerapo basi akudziwa kutalika kwa mphindi za dilaiva.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mthunzi wochepa, tikusuntha nawo mthunziwo. Ogulitsa anatulukira ngati anamva fungo: mavwende, mbatata, chimanga chootcha. Bana Mulenga anagula chimanga chiwiri. Ine ndinakana. Patapita nthawi ndinaona kuti nawonso sanalume chawo, angochigwira chikuzizira m'manja. Munthu amene amadya ngakhale pa Lachisanu Loyera.

Misozi anaimba foni. "Muli pati?" Ndinati tili pafupi. Dzuwa linafika pamutu.

Mwana wa Natasha anayamba kulira ndi kutentha, ndipo Bana Mulenga anati amupangire kamthunzi. Anakoka chikwama changa osapempha, monga mwa khalidwe lawo, kufuna chitenje. Anatulutsa malaya oyera aja. Anatulutsa duku. Anazigwira m'manja.

"Lero si Sande," anatero, mawu ali pansi.

"Bwezeranimoni."

"Amake Misozi, dokotala anakuuzani chiyani chimene simunandiuze?"

Zaka makumi atatu takhala moyandikana, sanandiitanepo dzina langa bwinobwino popanda kuikapo mbewa. Apo misozi inandituluka. Ndinapisa dzanja pachifuwa, ndinatulutsa pepala lija, ndinalitambasula pamiyendo.

"Linali ndi mizere," ndinatero. "Lada lokha. Tsopano ndikamuonetsa chiyani dokotala? Ndipo inu mukuona ngati chinthu chotere chitanthauza chiyani?"

Bana Mulenga analiyang'ana, nachita chizindikiro cha mtanda.

Natasha anali akuyamwitsa pambali. Anasuzumira, nati, "Ambuya, munaliika pafupi ndi moto?"

"Iyayi."

"Padzuwa? Pa mbaula?"

"Ndinangolisita pang'ono. Linali ndi makwinya."

Mtsikana uja analuma mlomo. Mapewa anayamba kugwedezeka mpaka mwana anasiya bere. Ndinati ana a masiku ano, munthu akufa iwo akuseka. Koma iye anapatsira mwana Bana Mulenga, napisa m'chikwama chake, natulutsa kalisiti ka m'sitolo. Anati amagwira ntchito pamakina olipirira m'sitolo ina m'tauni ya Kabwe. Anapita kwa dilaiva kukabwereka machesi, nabwerera kudzagwada patsogolo panga.

"Onani, ambuya." Anayatsa, napititsa moto kunsi kwa kalisiti, patali, osakakhudza. Ndikuona ndi maso angawa, kapepala kanayamba kuda, kuyambira pakati mpaka m'mbali, osapsa, osanunkha. "Mapepala awa alibe inki, amalembedwa ndi kutentha. Mukalitenthetsa lonse, lonse lilembeka. Ine ndataya ambiri pongowasiya pawindo. La kuchipatala ili ni mtundu umodzi."

Ndinatenga kalisiti kaja, ndinakaika pambali pa pepala langa. Kuda kwake kumodzi. Ka sopo ndi shuga, ndi la mtima wanga.

Bana Mulenga anaimirira pang'onopang'ono, mwana ali m'manja, nakonza kukhosi. "Bwerani muone," anaitana basi yonse. "Bwerani muone munthu wa kum'mawa. Anamuuza kuti mtima uli ndi vuto, iye wapita kukausita."

Anthu anabwera ndithu. Wa kapenta uja anaseka mpaka kukhala pansi. Dilaiva anati mkazi wake nayenso ni wa kum'mawa, wa ku Petauke, sadabwa. Ine ndinafuna kukwiya koma zinakanika, ndinaseka mpaka kutsokomola, ndipo chimanga chozizira chija tinadya tonse awiri mpaka chitsononkho.

Musaganize kuti mantha anathera pamenepo. Pepala linali litamasuka mlandu, koma mawu a dokotala wa ku kiliniki anali pomwepo, ndipo nthawi inali kutha. Kondakitala anabwera ndi tayala 1 koloko itakwana, ali ndi botolo la zakumwa m'manja ngati wochokera ku ukwati. Tinadutsa Landless Corner, tinadutsa mphambano ya ku Chisamba, tinaima pamzere pageti yolipirira msewu ku Katuba. Kuyambira Ten Miles magalimoto anali kukwawa. Misozi anaimbanso kanayi. Kachisanu Bana Mulenga analanda foni nati, "Anyoko ali moyo, adya chimanga. Gwira dokotala mwendo asachoke."

Tinatsika mu Lusaka 3 koloko itapitirira. Natasha anandigwira dzanja nati, "Mukapeze bwino, ambuya. Nsimbi muisiye." Misozi anatiponya mu takisi. Kuchipatala anali atapempha nesi kuti anthu onse a pambuyo pathu alowe, ife tikhale otsiriza, ndipo titafika wotsiriza uja anali akutuluka.

Dokotala anali mayi, wamng'ono kwa Misozi. Ndinampatsa pepala lija ndi manja awiri, maso ali pansi. Analitembenuza uku ndi uku.

"Munalisita?"

"Mwadziwa bwanji?"

"Si inu oyamba, ambuya. Palibe kanthu, tijambula lina."

Anajambula lina. Kenaka anandigoneka chammbali, nandipaka mafuta ozizira pachifuwa, nayendetsapo kanthu konga mutu wa munsi waung'ono. Pakanema panaoneka chinthu chotuwa chikutsekula ndi kutseka. Anakweza mawu a makinawo, ndipo ndinamva shuu, shuu, shuu, ngati sitima ya katundu ikukwera chitunda. Ndinakumbukira aPhiri. Ndinatseka maso n'kuyamba Tikuoneni Maria.

Atatha anandikhazika pampando, naitana Misozi ndi Bana Mulenga. "Mankhwala a bipi, a kuthamanga kwa magazi, mumamwa?"

"Ndimamwa."

"Tsiku lililonse?"

"Mutu ukawawa."

"Ukapanda kuwawa?"

"Ndimasunga m'kachitini. Munthu sungamwe mankhwala uli bwino, n'kuwononga."

Misozi anagwira kumutu. Dokotala sanakalipe. Anatenga pepala najambula nyumba ya zipinda zinayi. Anati chipinda chimodzi cha pamwamba chatambasuka pang'ono, n'zoona, chifukwa mtima wakhala zaka ukukankha magazi othamanga popanda wouthandiza. Koma zitseko zake zikutseka bwino, ndipo mphamvu yake yopopa ili yonse. Anati bipi siwawitsa mutu tsiku lililonse, koma imagwira ntchito yake tsiku lililonse, ndiye mankhwala nawo akhale a tsiku lililonse. Mchere ndichepetse. Za kuphupha kuja anati aziyang'anira, ndibwerenso akandione, ndipo kukachitika kosaleka ndisadikire tsiku.

"Amuna anga anauzidwa mawu omwewa," ndinatero. "Sanathe chaka."

"Wa amuna anu sindinauone. Ndaona wanu. Wanu ukugwira ntchito."

"Ndiye ndifa liti?"

Anaseka pang'ono. "Ngakhale tsiku langa sindilidziwa, ambuya. Koma pa zimene ndaona apa, mukamwa mankhwala, musafulumire kutsanzika."

"Wachedwa kunena," anatero Bana Mulenga. "Katundu anagawa kale."

Misozi anatembenuka. "Katundu wanji?" Iwe lemba, usandiyang'ane, unakalipa kale tsiku lomwelo.

Titatuluka pageti la chipatala, miyendo yanga inapepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Ndinamva njala, ndinaona kuti Lusaka ali ndi nyumba zazitali zimene pobwera sindinazione. Bana Mulenga anatsalira pambuyo akufufuza m'chikwama chawo. Ndikuti nditembenuke, ndinangoona kuyera. Chitini chonse cha paudala wa ana anandikhuthulira pamutu, kumaso, m'khosi, anthu odikira minibasi akuonerera.

"Ndinagula Lachitatu, mutangondipatsa mphika," anatero. "Ndinati ndidzathire ana anu pamaliro. Tsopano mwakana kufa, ndiye nditaye?"

Mawu anali onyoza, koma m'masaya mwawo munali mizere iwiri yonyowa. Ndinatapa paudala pamutu panga n'kuwapaka pomwepo kuti anthu asaone. Tinakwera minibasi ya kwa Misozi tili mbuu tonse awiri ngati zigayo, ndipo mawa lake tinabwerera ku Kabwe pa basi imene sinaphulike kanthu.

Tsono mufuna kudziwa za aliyense. Natasha ndinakamupeza kusitolo kwake, ndinampatsa mbatata za kumunda kwanga, ndipo akandiona amandipatsa lisiti nati ndisalisite. Mlaliki uja akadali pokwerera mabasi, akuuzabe anthu kuti wina sadzaona mawa. Tsiku lina adzalondola. Amake Dalitso anabweza makina osokera nkhope ili yolemera, ine ndinawabwezeranso, popeza ulusi sindiuonanso pa singano, ndipo tsopano akusoka mayunifolomu a sukulu. Akazi a akatekisiti anabweza nkhuku zinayi. Yachisanu ati inadwala mwadzidzidzi tsiku limene kunabwera alendo. Misozi anandigulira kabokosi ka mankhwala ka zipinda zisanu ndi ziwiri, chipinda chimodzi tsiku limodzi, kuti ngakhale wosawerenga aone pamene wadumpha. Malaya oyera ndinawabwezera m'sutikesi, ndimavala pa Sande monga kale. Ndowa ndimafika nayo pakhomo osaima, ngakhale ndiwo zopanda mchere sindinazizolowere.

Otsala ndi awo pakonawo. M'mawa uliwonse, ndisanasese n'komwe, amafuula pampanda kuti, "Wakudya mbewa, wamwa?" Ndikachedwa kuyankha amalowa mpaka kuchipinda. Koma mphika sanabweze. Ati chopatsidwa ndi munthu wakufa sichibwerera, ndipo ausunga kuti adzaphikire pamaliro anga.

Usungeni, Bana Mulenga, muziutsuka bwino. Ine mankhwala ndikumwa tsiku lililonse, ndipo mphikawo ndidzautenga ndekha m'nyumba mwanu, tsiku limene ndidzabwere ndi paudala kudzathira ana anu.